Friedrich Fröbel, nkhalamba imene inkasewera ndi ana

Amayi anzanga a Chigwirizano, masiku ano mukadutsa pa matchalitchi athu ambiri pakati pa sabata, mupeza zitseko zili zotsekula. Mabenchi awakankhira kukhoma, ndipo timawu ta ana tikumveka mpaka kumsewu. Ndi sukulu ya mkaka imeneyo, ena amati nazale. Taizolowera kotero kuti timaiona ngati inalipo kuyambira kale, komatu inachita kubwera kuchokera kutali, monga zinabwerera njinga ndi makina osokera. Ndipo chinthu chobwera chimafuna kuchiyang'anitsitsa, chifukwa nthawi zina timatola makoko, nyemba zenizeni n'kutsala komweko. N'chifukwa chake ndafuna kuti tidziwe mbiri ya munthu amene dzina lake limatchulidwa kwambiri pa nkhani ya maphunziro a ana aang'ono, ndiponso zimene anthu a maiko ena anachita ndi nzeru zake atazitengera kwawo.

Friedrich Fröbel anabadwa pa 21 April 1782 m'mudzi wa Oberweissbach, m'dera la mapiri ndi nkhalango la Thuringia, m'dziko limene lero timalitcha Germany. Bambo ake anali m'busa wa mpingo wa Lutheran, woyang'anira midzi ingapo ya anthu pafupifupi 5,000. Mayi ake anamwalira iye asanakwanitse chaka chimodzi. Abusawo, pokhala munthu wotanganidwa ndiponso wouma pa chilango, analibe mpata wocheza ndi khandalo, ndipo linkangokhala m'manja mwa antchito ndi azikulu ake. Patapita zaka zochepa abusa anakwatiranso. Poyamba mayi watsopanoyo anamukonda Friedrich, koma atangobereka wake wam'mimba zinthu zinasintha. Analeka kumuyankhula monga mwana wa m'nyumba, n'kumamuyankhula monga ayankhulira munthu wachilendo. Friedrich ali wamkulu analemba za ubwana wakewo, ndipo n'zoonekeratu kuti bala limeneli silinapole.

Apa ife okhala pafupi ndi ntchito ya mpingo tiime pang'ono. Mwana ameneyu sanali wamasiye wa mumsewu ayi. Ankagona m'nyumba ya abusa, ankadya, ankamva mapemphero m'mawa ndi madzulo. Koma analibe womumvetsera. Anzake anali mitengo, maluwa ndi mbalame za kuseri kwa nyumba.

Ali ndi zaka 10 anamutenga amalume ake, a Hoffmann, amenenso anali m'busa ku Stadtilm. Kumeneko n'kumene anayamba kusewera ndi anyamata anzake, ndipo poyamba ankamuseka chifukwa sankadziwa ngakhale kuthamanga bwino nawo. Zaka zotsatira tizidutse mwachangu, popeza zinali za kuyendayenda. Mu 1797 anapita kukaphunzira ntchito yosamala nkhalango. Mu 1799 analowa yunivesite ya Jena, kumene anagwa m'ngongole mpaka kutsekeredwa m'chitokosi cha pa yunivesitepo masabata 9. Bambo ake atamwalira mu 1802 anagwira ntchito yoyeza malo ndi yaukalaliki uku ndi uku. Achibale ake ankamuona ngati munthu wosakhazikika, ndipo kunena zoona anali ndi chifukwa.

Mu 1805 anafika mumzinda wa Frankfurt ali ndi maganizo odzakhala wojambula mapulani a nyumba. Kumeneko mkulu wa sukulu ina, a Anton Gruner, anamuona akucheza, n'kumulangiza kuti aleke za nyumbazo, ayambe kuphunzitsa ana. Anavomera, ndipo atangoima pamaso pa ana anadziwa kuti wapeza ntchito yake. Kuyambira apa tiwatchule mwaulemu wa mphunzitsi.

Chinthu choyamba chimene a Fröbel anachita atakhala mphunzitsi ndicho kupita kukaphunzira kudziko lina. Ku Switzerland, m'tauni ya Yverdon, kunali mphunzitsi wotchuka, a Johann Heinrich Pestalozzi, amene ankaphunzitsa kuti mwana ayambe ndi zinthu zimene angazione ndi kuzigwira asanayambe kuloweza mawu. A Fröbel anakachezako masabata awiri mu 1805, ndipo kenaka anakakhalako kuyambira 1808 mpaka 1810 pamodzi ndi anyamata atatu a banja la von Holzhausen amene ankawaphunzitsa. Chimene ndimawayamikira nacho n'chakuti sanameze zonse. Anakonda chikondi cha a Pestalozzi pa ana osauka, nyimbo, maulendo a kuthengo ndi masewera a pabwalo. Koma anaonanso kuti maphunziro a kumeneko anali omwazikana, phunziro lililonse payokhapayokha popanda ulusi wowalumikiza, ndiponso kuti aphunzitsi ankakangana okhaokha. Anabwerako atasankha zotenga ndi zosiya.

Atabwerera kwawo anaphunziranso ku Göttingen ndi ku Berlin. Mu 1813 analowa usilikali pa nkhondo yolimbana ndi Napoleon, ndipo kunkhondoko anapeza mabwenzi awiri, a Wilhelm Middendorff ndi a Heinrich Langethal, amene anadzagwira nawo ntchito zaka zambiri. Nkhondo itatha anagwira ntchito m'nyumba yosungiramo miyala yamitundumitundu ku Berlin, kusanja miyala yonyezimira monga mwa maonekedwe ake. Mwina mungadabwe kuti miyala ikukhudzana bwanji ndi ana. Iwo ankaona kuti mwala uliwonse umakula motsata lamulo limene Mlengi anaika mkati mwake, monganso mbewu, ndipo anayamba kuganiza kuti mwana nayenso ali ndi kakulidwe kake kamene mphunzitsi ayenera kukadziwa asanayambe kumuumba.

Mkulu wawo Christoph, amene analinso m'busa, anamwalira ndi matenda a mliri pa nthawi ya nkhondoyo, n'kusiya ana. Mu November 1816 a Fröbel anasiya ntchito ya ku Berlin, n'kutsekula sukulu ku Griesheim ndi ana 5 okha, onse ana a abale awo. Chaka chotsatira anaisamutsira ku Keilhau. Mu 1818 anakwatira mayi Wilhelmine Hoffmeister. Ana a ku Keilhau ankalima, kumanga timadamu m'mitsinje, kujambula mapu a mudzi wawo, ndi kuyenda maulendo ataliatali wapansi. Mu 1826 a Fröbel anasindikiza buku lawo lalikulu lonena za kaleredwe ka munthu, Die Menschenerziehung, lolemera kuwerenga kwake, koma m'menemo ndi mmene anafotokoza kuti kusewera kwa mwana wamng'ono si kutaya nthawi, ndi ntchito yake yeniyeni.

Sindikubisirani zofooka zawo. A Fröbel sankadziwa kusunga ndalama, ndipo anali munthu wosamva za mnzake akatsimikiza chinthu. Mlamu wawo wamasiye uja anataya katundu wake pothandiza sukuluyo, ndipo ena mwa ana a mkulu wawo anakula ali ndi mangawa nawo. Boma nalonso linkaikayikira sukuluyo kuti ikuphunzitsa anyamata maganizo oukira. Makolo anayamba kuchotsa ana awo, ndipo sukulu imene inafika pa ana pafupifupi 60 inatsala ndi ana osakwana 10 pofika 1829. Anzawo ndiwo anaipulumutsa, iwo atachoka.

Mu 1831 anabwereranso ku Switzerland. Anatsekula sukulu ku Wartensee, kenaka ku Willisau, ndipo mu 1835 anapatsidwa udindo woyang'anira nyumba ya ana amasiye ku Burgdorf. Kumeneku ndi kumene moyo wawo unakhotera. Pakati pa amasiyewo panali ana a zaka 4, 5 ndi 6. Powayang'ana tsiku ndi tsiku, a Fröbel anatsimikiza kuti zaka zonsezi anakhala akuyambira pakati. Mwana wofika kusukulu ali ndi zaka 7 amakhala ataumbika kale, mwina bwino, mwina mopotoka, ndipo mphunzitsi amangokhalira kuwongola. Ine amene ndimaphunzitsa ku sekondale ndikhoza kuwachitira umboni. Mtsikana wa Giredi 10 amene amaopa kufunsa funso, amene amadikira kuti aphunzitsi alembe pa bolodi kuti iye akope, mantha amenewo sanawatole chaka chatha. Anawaphunzira ali wamng'ono, pamene wina anamuzazira chifukwa chofunsa.

Anali ndi zaka 55 pamene anakakhazikika m'katauni ka Blankenburg mu 1837, n'kuyamba kupanga zoseweretsa ana ndi kusonkhanitsa ana a m'mudzi kuti azisewera nawo. Mayi Wilhelmine anamwalira mu 1839, osasiya mwana. Dzina la ntchito yatsopanoyi linawavuta kulipeza. Sankafuna kuitcha sukulu, chifukwa sukulu za nthawi imeneyo zinali za chikoti ndi kuloweza. Tsiku lina mu 1840, akuyenda wapansi ndi anzawo kudutsa paphiri kuchokera ku Keilhau, dzina linawabwerera: Kindergarten, kutanthauza dimba la ana. Pa 28 June 1840 anakhazikitsa dimba limeneli pamaso pa anthu.

Inu amene muli ndi madimba m'mphepete mwa Kafue mulimvetsa dzinali kuposa anthu a m'tauni. Mbande ya tomato simuikoka kuti ikule msanga. Mumaithirira, kuizulira udzu, kuitchingira mbuzi, ndi kuiyang'ana m'mawa uliwonse kuti muone ngati masamba asintha mtundu. Ntchito ndi yambiri, koma kukula si kwanu. Umu ndi mmene a Fröbel ankaonera ntchito ya mlezi wa ana.

Tisaganize kuti iwo ndiwo anali oyamba kusonkhanitsa ana aang'ono. Kale m'zaka za m'ma 1770, m'busa Jean-Frédéric Oberlin wa ku Alsace ankalemba atsikana a m'midzi kuti azisonkhanitsa ana, kuwaphunzitsa kuluka ndi kuwafotokozera za zomera, ndipo mmodzi wa iwo, Louise Scheppler, anagwira ntchitoyo moyo wake wonse. Ku Scotland a Robert Owen anatsekula malo a ana a ogwira ntchito m'fakitale ku New Lanark mu 1816. Ku England a Samuel Wilderspin anafalitsa sukulu za ana aang'ono kuyambira 1820, ndipo ngakhale ankalemekeza bwalo losewerera, chimene anthu anatengera kwambiri kwa iwo ndi mabenchi okwera ngati makwerero, pamene ana ambirimbiri ankakhala n'kumabwereza pamodzi zimene mphunzitsi wanena. Ku Germany komweko m'busa Theodor Fliedner, amene anayambitsa nyumba ya madikoni aakazi ku Kaiserswerth mu 1836, anali ndi sukulu ya ana aang'ono yotengera za ku England. Choncho njira zinalipo ziwiri, ya benchi ndi ya dimba. Mukadzalowa mu nazale ya pa mpingo wanu, mudzaone nokha kuti ndi iti mwa ziwirizi imene inafika kwa ife.

Nanga m'dimba la a Fröbel munkachitika chiyani? Zoseweretsa zawo ankazitcha mphatso, ndipo ankazipereka motsatana. Yoyamba inali timipira 6 tofewa, tolukidwa ndi ulusi wa ubweya wa nkhosa, kalikonse mtundu wake, tomangirira kachingwe kuti mayi azikayendetsa pamaso pa khanda uku akuyimba. Yachiwiri inali zinthu zitatu zamtengo: mpira, kathabwa ka mbali 6 zofanana, ndi kena kooneka ngati kang'oma, kamene kamagubuduzika ngati mpira komanso kamaima ngati kathabwa. Yachitatu inali kathabwa komweko kodulidwa tizidutswa 8 tofanana. Ndi tizidutswa 8 tokhato mwana ankamanga mpando, nyumba, mlatho kapena tchalitchi, n'kufotokoza nkhani ya chimene wamanga. Akagawa pakati waona kale theka, akagawanso waona gawo limodzi la magawo anayi, asanamve n'komwe dzina la masamu. Pomaliza ankabwezera tonse pamodzi kuti kathabwa kakhalenso kathunthu asanakabwezere m'bokosi.

Panalinso ntchito za manja: kuumba ndi dongo, kupinda mapepala, kuluka timikeka ta mapepala, kusoka pa makatoni, ndi kulumikiza timitengo ndi nsawawa zoviika m'madzi. Panali masewera a bwalo, ana atagwirana manja, akuyimba ndi kutsanzira mlimi, mbalame kapena nsomba. Ndipo panali dimba lenileni. Mwana aliyense anali ndi kabedi kake kodzalapo chimene wafuna, ndipo timabedi tonse tinali tozunguliridwa ndi munda wa onse, kuti mwana aphunzire kusamala chake ndi cha gulu nthawi imodzi. Kuwerenga ndi kulemba sikunali ntchito ya m'dimbamo. Mu 1844 anatulutsa buku la nyimbo, zithunzi ndi masewera a zala, lolembera amayi, Mutter- und Koselieder, chifukwa ankakhulupirira kuti mphunzitsi woyamba ndi mayi amene wanyamula mwana pamiyendo.

Mukamva zimenezi, kodi simukukumbukira kanthu? Ng'ombe zadongo zimene anyamata amaumba kudambo, masanje, chiyato, nsolo, galimoto zamawaya, nyimbo zotonthozera mwana kumbuyo, nthano ndi zirapi za agogo madzulo. A Fröbel sanapeke masewera awo ali mu ofesi. Ankayenda m'midzi ya Thuringia kuonerera amayi akusewera ndi makanda awo, n'kulemba zimene aona. Anatenga za m'mudzi mwawo, n'kuziika m'dongosolo. Akanabadwira ku Chanyanya, mphatso zawo zikanakhala za bango, dongo, zigoba za nkhono ndi timabwato ta makungwa.

Chinthu china chimene anaumirirapo chinali chakuti ntchitoyi ikhale ya amayi ophunzitsidwa bwino. M'masiku amenewo uphunzitsi unali wa amuna, ndipo aphunzitsi ambiri anaona maganizo amenewa ngati nthabwala. Anapempha amayi a dziko lonse kuti asonkhe ndalama zomangira ntchitoyi, koma zimene zinabwera zinali zochepa kwambiri, ndipo ya ku Blankenburg inafooka. Iwo sanaleke. Anayendayenda m'mizinda kuphunzitsa atsikana miyezi ingapo ingapo, ndipo mu 1850 anapatsidwa nyumba ku Marienthal, pafupi ndi Bad Liebenstein, imene inakhala sukulu yophunzitsira alezi a ana.

Ku Liebenstein n'kumene, mu 1849, mayi wina wa banja lolemekezeka, a Bertha von Marenholtz-Bülow, anabwera kudzapuma. Anthu a m'deralo anawauza za nkhalamba ina yopusa imene imavina ndi kuyimba ndi ana a m'mudzi. Anapita kukaona, ndipo anapeza bambo wamtali wa imvi, wa zaka 67, akutsogolera ana osavala nsapato kukwera kaphiri, n'kuyamba kusewera nawo moleza mtima. Mayiwo anakhala wophunzira wawo, ndipo pambuyo pake ndiwo anayenda ku England, France, Belgium, Netherlands ndi Italy kufalitsa ntchitoyi kwa zaka zambiri.

Mu 1851 a Fröbel anakwatira mmodzi wa ophunzira awo, mayi Luise Levin. Patangopita milungu yochepa, mu August chaka chomwecho, nduna ya zamaphunziro ya boma la Prussia, a Karl von Raumer, inaletsa madimba a ana onse m'dzikolo, ponena kuti akuphunzitsa ana kukana Mulungu ndi kuukira boma. Mbali ina kunali kusokoneza maina, popeza mwana wa mkulu wawo, Karl Fröbel, ndiye ankalemba za ndale. Komanso boma linali likadali ndi mantha ndi zipolowe za 1848, ndipo linkakayikira chilichonse chimene amayi ophunzira ndi mipingo yodziyimira payokha ankachikonda. A Fröbel analemba makalata, natumiza mabuku awo kuti awerengedwe, koma boma silinabweze mawu.

Popeza ndife a mpingo wa Reformed, nkhaniyi tiiweruze mosakondera. Kunena kuti a Fröbel ankakana Mulungu kunali kuwanamizira. M'madimba awo munali mapemphero ndi nyimbo zotamanda, ndipo buku lawo limayamba ndi Mulungu monga gwero la zonse. Komabe pali pamene sitingayende nawo. Iwo ankaphunzitsa kuti mwana amabadwa wabwino kotheratu, ndi kuti choipa chimalowa chifukwa cha kaleredwe kolakwika. Katekisma wa Heidelberg satiphunzitsa choncho, ndipo mayi aliyense amene anaonapo mwana wa zaka ziwiri akulanda chidole cha mnzake n'kumuluma amadziwa kuti uchimo suchita kudikira mphunzitsi. Nthawi zinanso polankhula za Mulungu ndi chilengedwe ankaziyandikizitsa kwambiri mpaka malire osaoneka bwino. Koma kudziwa kuti mwana ndi wochimwa sikutipatsa chilolezo chomukhazika pa benchi maola anayi ndi kamtengo m'manja. Pa Marko 10:13-16 amene anadzudzulidwa si ana, ndi akuluakulu amene ankawathamangitsa.

Chiletsocho chinawasweratu mtima. Chitonthozo chinabwera chaka chotsatira pa msonkhano waukulu wa aphunzitsi ku Gotha, pamene onse anaimirira iwo akulowa. Patangopita masabata ochepa, pa 21 June 1852, anamwalira ku Marienthal ali ndi zaka 70. Anaikidwa ku Schweina, ndipo pamanda awo anaikapo mwala wosema monga mphatso yachiwiri ija: kathabwa pansi, kang'oma pakati, mpira pamwamba. Chiletso chinachotsedwa mu 1860, iwo atagona kale zaka 8. Mayi Luise anapitiriza ntchitoyo ku Hamburg, ndipo anamwalira mu 1900.

Chiletso chija chinathandiza kumwaza mbewu. Anthu ambiri amene anathawa ku Germany zipolowe za 1848 zitalephera anatenga nzeruzi paulendo. Mayi Bertha Ronge anatsekula dimba la ana ku London mu 1851. Mng'ono wawo, mayi Margarethe Schurz, anayambitsa lina m'nyumba mwawo ku Watertown, ku America, mu 1856, ndi mwana wawo ndi ana a achibale. Mayi Elizabeth Peabody atamva za ntchitoyi kwa mayi Schurz anatsekula lawo la Chingerezi ku Boston mu 1860. Patapita zaka anayamba kukayikira ngati akuchita zenizeni, popeza anaziphunzira m'mabuku mokha, ndipo mu 1867, ali ndi zaka zoposa 60, anakwera sitima yapamadzi kupita ku Germany kukaona ndi maso. Anabwerako n'kusintha zambiri. Mu 1873 mayi Susan Blow anatsekula dimba loyamba la m'sukulu za boma ku St. Louis. Ku Japan loyamba la boma linatsekulidwa ku Tokyo mu 1876, ndipo mphunzitsi wamkulu wa ana anali mayi wa ku Germany, Clara Matsuno.

Tsono mvetserani zimene zinachitika. Mafakitale anayamba kupanga mabokosi a mphatso zija n'kumagulitsa pamodzi ndi mabuku a malangizo. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, m'madimba ambiri ana ankakhala pa matebulo ojambulidwa mizere, mphunzitsi n'kumalamula kuti onse atsekule bokosi nthawi imodzi, asunthe kathabwa aka kumanja, ako kumanzere, osalankhula. Zida zinali za a Fröbel, koma kunalibenso kusewera. Benchi ija inali itabwerera, itangovala malaya ena.

Amene anakonza zimenezi ndi anthu amene analimba mtima kuyang'ana ana a kwawo. Ku America mayi Patty Smith Hill a ku Louisville anaona kuti timatabwa tating'onoting'ono timatopetsa zala za mwana, ndipo anapangitsa matabwa akuluakulu oti ana amange nyumba yolowamo okha. Ndi mayi omwewa amene, pamodzi ndi mkulu wawo Mildred, anapeka kanyimbo kolonjerana m'mawa kamene maimbidwe ake lero timayimbira pa tsiku lokumbukira kubadwa. Ku Japan a Kurahashi Sōzō, atakhala mkulu wa dimba la ku Tokyo lija mu 1917, anatulutsa timatabwa tonse m'mabokosi ake, n'kutikhuthulira pamodzi m'madengu kuti ana azitenga mmene afunira. Ena anaona ngati akunyoza a Fröbel. Ine ndikuona kuti ndi amene anawamvetsa kuposa onse.

Kuno kwathu ku Zambia, kwa zaka zambiri sukulu za mkaka zinali m'manja mwa makhonsolo, mipingo ndi anthu ochita malonda, ndipo zambiri zinali m'matauni. Mu 2013 boma linalemba ntchito aphunzitsi 1,000 a ana aang'ono n'kuyamba kutsekula makalasi awo pa sukulu za pulayimale, ndipo mu 2022 linachotsa malipiro m'sukulu zake kuyambira kalasi ya ana aang'ono mpaka sekondale. Koma malo ndi ochepa, ndipo mwana wa zaka 4 sangayende mtunda umene mkulu wake amayenda. Kumalo ngati Chanyanya, kumene bambo amagona pamadzi ndipo mayi amalawira kukapikula nsomba kapena kudimba, mwana wamng'ono amatsala ndi mlongo wake wa zaka 9, amene naye wajomba kusukulu chifukwa cha ulezi, ndipo mtsinje uli pomwepo. Choncho nazale ya pa mpingo ikufunikadi. Anzathu a ku Malawi ali ndi sukulu za m'midzi zimene amazitcha za mkombaphala, kumene makolo amasonkha ufa ndipo amayi amasinthana kuphika phala. Chimenecho n'choyenera kutengera, chifukwa mwana wanjala sasewera ndipo samva.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi zimene ife makolo timafuna kwa aphunzitsi. Timafuna yunifolomu, chikwama, homuweki, ndi mwambo wa galajuweshoni wa mikanjo ndi zipewa. Mwana wa zaka zitatu akabwera kunyumba ndi dongo m'manja timati ndalama zathu zikupita pachabe, koma akaloweza masiku a sabata m'Chingerezi, osadziwa kuti dzulo linali liti, timaitana aneba kuti adzamve. Mphunzitsi, amene nthawi zambiri ndi mtsikana wa mumpingo momwemo wosaphunzitsidwa ntchitoyi, amachita zimene makolo akufuna kuti asachotse ana. Ndiye kamwana kamene zala zake sizinakhwime kamagwira pensulo m'mawa wonse, kulemba chilembo chimodzi mizere 10.

M'makomiti a nazale zathu ambiri ndife amayi a Chigwirizano, ndipo ndalama ikapezeka ndife timanena kumene ipite. A Fröbel ndalama zochepa zimene anali nazo kumapeto kwa moyo wawo anaziika pa kuphunzitsa alezi. Ifenso tisanagule mipando yapulasitiki ndi zithunzi za maapozi ndi chipale chofewa zimene mwana wa ku Kafue sanazionepo, titumize mtsikana wathuyo kukaphunzira, ngakhale maphunziro a pa tchuthi. Akalipentala a mumpingo ali ndi tizidutswa ta matabwa timene amasonkhera moto. Tiwapemphe atipalire bwino kuti tisabaye. Kuseri kwa tchalitchi kuli malo okwana timabedi ta repu ndi nyemba. Ndipo pa Chigwirizano chilichonse pali agogo awiri kapena atatu odziwa nthano ndi nyimbo zamasewera, amene Lachiwiri m'mawa amangokhala pakhonde.